ENI MABOTI, LAISENSI YANU INATHA LITI?

 Ndi ine yemwe uja wa ma injini, wa pansi pa mtengo wa mango. Ndikudziwa kuti ena mukangoona kuti ndalemba zazitali mumati "wayambanso uja" nde mumangodutsa. Lero musadutse. Bandulo yanu siithera pano.

Ndiyambe ndi chomwe chandikwiyitsa.

Mwezi wathawu ndinakonza injini ya bwana wina wa pa doko pathu pano. Dzina sinditchula, iwo akudzidziwa, komanso ndimawalemekeza chifukwa ndi a msinkhu wa bambo anga. Yamaha 15, yakalekale koma yamoyo. Ndinasintha impela, ndinatsuka kabureta, mapulagi atsopano. Giya oyilo anali atayera ngati mkaka chifukwa madzi ankalowa, nde ndinasinthanso masilo. Masiku awiri ndili chogwada pa mchenga. Titaiyesa, kukoka kamodzi basi, inalira bwinobwino, ikukodza madzi ngati mwana wathanzi. Bwana aja anati, "Mwana wanga, ndalama yako ndikupatsa tikabwera ku kauni, usipa wayamba kuoneka." Ine ndinati palibe vuto madala.

Usiku wachiwiri anakumana ndi oyendera nyanja. Atafunsidwa pepala, siginala anayang'ana mlovi mnzake, mnzakeyo anayang'ana madzi. Kuimbira bwana kumtunda, bwana akuti pepala lili kunyumba. Linalidi kunyumba, koma linatha miyezi 7 yapitayo. Chilimira chinalandidwa, injini inanyamulidwa. Boti linabwera ndi nkhafi m'mawa, anthu ali chete ngati akuchokera kumanda.

Masabata atatu injini ili mu sitolo kwa eni ake amalamulo. Masabata atatu amenewo ndi omwe kunali mdima wabwino, usipa ukufa, maboti ena akubwera odzaza mpaka amayi ogula akukanganirana mabeseni. Alovi 9 a boti limene lija ankangoyendayenda pa doko kuthandiza anzawo kukoka kuti apatsidweko kandiwo. Mmodzi wa iwo ali ndi mwana wa Fomu 2 yemwe anabwezedwa fizi sabata yomweyo. Injini itabwerako, petulo anali ataumira mu kabureta, ntchito yomwe ndinagwira ija ndinaibwerezanso. Ndalama yanga mpaka lero sindinaione, ndipo sindingakakamize munthu yemwe wangolipira chindapusa ndi kugulitsa mbuzi.

Nde ndikufunsa: kodi ndani walangidwa apa? Bwana ali ndi munda wa mpunga, ali ndi kagolosale, sagona ndi njala. Olangidwa ndi alovi, ndi akazi awo, ndi mayi uja amene anapereka ndalama yake pasadakhale kuti nsomba za boti limeneli zizikhala zake, ndi ine wa sipanala. Ulesi wa munthu mmodzi wolephera kuyang'ana deti pa pepala, mabanja oposa khumi adya nsima ya mchere.

Ndisanapitirire, tigwirizane kaye kuti tikukamba za mapepala ati, chifukwa ambiri timasokoneza. Pali laisensi ya usodzi, ya a Fisheries, yomwe imachokera mu lamulo la usodzi la 1997. Imeneyi imaona chida chomwe ukuphera nsomba, kaya chilimira, kaya matchera, kaya khoka. Palinso mapepala a boti lenilenilo, a ku Marine, aja ali ndi maofesi ku Monkey Bay, pansi pa lamulo la maulendo a pamadzi la 1995. Amenewo amaona ngati chombo chili choyenera kuyenda pamadzi, makamaka inu amene mumanyamula anthu ndi katundu. Ena muli ndi limodzi nde mumaganiza kuti mwathana nazo. Ena mulibe onse awiri koma boti munalilemba dzina lalikulu la m'Baibulo ndi penti yofiira. Ndipo pepala lililonse lili ndi tsiku lake lothera, lolembedwa pomwepo. Si ukwati wa ku tchalitchi ayi. Limatha.

Tsopano zomwe mumandiyankha ndikamakamba izi pansi pa mtengo paja.

Ena mumati nyanja ndi ya Mulungu, boma linathiramo madzi liti kuti lizitilipiritsa? Mawu okoma kwambiri amenewo, ndipo pa bawo amaombetsa m'manja. Koma munthu yemweyo, bwato la mlendo likabwera kudzatchera pafupi ndi matchera ake, nyanja ija imasiya kukhala ya Mulungu, imakhala "malo anga". Trawler ikalowa m'madzi osaya usiku n'kudula maukonde ake, amathamangira kwa a tcheyamani a BVC kuti boma lichitepo kanthu. Boma liti? Lija munati silinathiremo madzi?

Komanso musamanene ngati malamulo a panyanja anabwera ndi azungu kapena ndi anthu a mataye a ku Lilongwe. Pitani ku Mbenji ku Salima mukaone. Chilumba chija chimatsekedwa chaka chilichonse nyengo ya mvula, mwa lamulo la mfumu Makanjira, ndipo mwambowu unayamba m'ma 1950, dziko lino lisanalandire n'komwe ufulu. Mowa saloledwa, juga saloledwa, ukaphwanya amakuthamangitsa. Ndipo asodzi a kuno amapita okha, kugwada okha, kutsatira okha, chifukwa akudziwa kuti pa Mbenji utaka ulipo. Kumeneko simunena kuti nyanja ndi ya Mulungu. Mumangoti zikomo mfumu. Ndiye funsani akuluakulu a ku Mangochi chomwe chinachitikira chambo cha mu nyanja ya Malombe m'zaka za m'ma 1990, aliyense atangoti ndipha momwe ndingathere. Ma BVC amene tili nawo lerowa anayambira komweko, nsomba zitatha kale.

Ena mumati ndalama palibe. Apa nde pondiseketsa, chifukwa ine ndimadziwa matumba anu kuposa akazi anu. Ndimadziwa malita a petulo omwe boti limodzi limamwa usiku umodzi wa kauni. Ndimadziwa mtengo wa oyilo wa two stroke. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha injini chinakwera, mapulagi, impela, propela, zonse, izo sindikukana, ineyo ndi amene ndimakuuzani mitengo yake inu n'kumanditukwana. Koma munthu wotha kuthira petulo usiku uliwonse, mwezi ndi mwezi, asandiuze kuti walephera pepala la kamodzi pachaka. Usipa ukafa bwino masiku atatu otsatizana, pitani pa Dwangwa madzulo mukaone kumene ndalama ya laisensi imathera. Ena mumagulira tebulo lonse, anthu osawadziwa n'komwe, kuti akutchuleni kuti bigi. Bigi wopanda pepala.

Ndipo chowawa kwambiri n'chakuti amene mulibe laisensi mumalipira zambiri kuposa amene ali nayo. Werengetsani nokha. Aliyense wobwera pa doko atavala jekete yowala, kaya ndi woona kaya ndi wabodza, akangoti "tione mapepala", mtima uli phaa, dzanja m'thumba, "bwana tiyeni tikambirane, nayi ya fanta." Mwezi uno ya fanta, mwezi wamawa ya fanta, pena ndowa ya usipa, pena kampango wamkulu uja mukanagulitsa. Chaka chikamatha mwapereka kangati? Ndipo mwatsala ndi chiyani m'manja? Palibe. Ya fanta ilibe lisiti. Mawa kukabwera wina, mumayambiranso. Mwadzisandutsa munda wa anthu, amangobwera kudzakolola.

Munthu amene pepala lake lili bwino amaima chilili. Amafunsa kuti inu ndinu ndani, tione chiphaso chanu. Amene pepala lake linatha alibe pakamwa. Akamubera ukonde sangapite ku polisi, amaopa kuti akamufunsa laisensi. Trawler ikamudulira matchera sangakadandaule mokweza, chifukwa funso loyamba likhala lomwelo. Pa msonkhano wa BVC amakhala kumbuyo, akangoti alankhule wina amamukumbutsa kuti inu khalani chete, tikudziwani. Ichi ndiye chimene chimandipweteka ine. Doko lonse la anthu amphamvu, oti amalimbana ndi mwera usiku pakati, koma masana amanjenjemera ndi kamnyamata konyamula faelo.

Bambo anga sanapite patali ndi sukulu, koma pa nkhani iyi anali ndi nzeru kuposa ena a ma foni a smart. Anali ndi bwato ndi matchera basi, injini sanakhalepo nayo. Laisensi yawo ankaisunga mu jumbo ya shuga, kuipinda bwinobwino, n'kuitsomeka ku denga pamwamba pa mphasa yawo. Ife ana tinkadziwa kuti kukhudza jumbo imeneyo ndi mlandu woposa kuba ndiwo mu mphika. Chaka china matchera awo anasowa pamadzi. Patapita masiku anamva kuti aoneka pa doko lina kumpoto kuno. Anapita ndi jumbo yawo ija. Pa bwalo, pamaso pa a nyakwawa ndi a komiti, munthu winayo analumbira kuti maukonde ndi ake. Bambo anafotokoza mfundo zomwe ankamangira, ndi zizindikiro zomwe anadula pa mitengo yoyandamitsa, kenako anatulutsa pepala loonetsa kuti iwo ndi msodzi wa matchera wodziwika, wolipira. Winayo atafunsidwa lake, anayamba nkhani zambirimbiri. Bambo anabwera ndi maukonde awo pa njinga. Fizi yanga ya Fomu 1 inachokera mu maukonde amenewo. Nde mukamandiuza kuti pepala ndi lopanda ntchito, mukuuza munthu wolakwika.

Pali wina anandiyankha mwanzeru sabata yatha, ndipo ndimupatse ulemu wake. Anati, "Aise, pepala silitontholetsa mwera. Vipya inali sitima ya mapepala onse, koma inamira." Zoona. Vipya inamira pa 30 Julayi 1946 kufupi ndi Chilumba, anthu 145 anapita. Pepala siliyandama, ndipo palibe anapulumukapo pogwira laisensi. Ndavomera.

Koma tamverani kwa ine amene ndimatsegula ma injini anu. Ndimaona zinthu zoti mukanaziona simukanakwera. Pini ya propela inathyoka kalekale, munthu anaikapo msomali wa denga. Chingwe chokokera chomangidwa mfundo zitatu. Payipi ya petulo yong'ambika, yokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, petulo akudontha pansi pomwe wina akusuta fodya. Injini yosakodza madzi, kutanthauza kuti impela inatha, koma akuti tiyeni ipita, ikatentha tiziithira madzi ndi chigubu. Oyilo woti asakanize muyezo wake, 50 kwa 1, amangothira mwa maso, pena osathira n'komwe chifukwa wadula. Matabwa a pansi ofewa oti chala chimalowa, omatidwa ndi phula ndi nsanza. Mwana mmodzi ntchito yake ulendo wonse ndi kukapa madzi. Ma life jacket? Awiri, ndipo akhalira bwana ngati pilo.

Zonsezi zimakhala choncho chaka ndi chaka chifukwa palibe tsiku limene mwini boti amakakamizika kuliyang'ana ndi maso a munthu wina. Tsiku lokonzanso mapepala ndi tsiku limenelo. Ndi tsiku limodzi pachaka lomwe umati, koma boti langali, munthu wachilendo ataliona, angati chiyani? Ndaona ndi maso anga: bwana akamva kuti boti likaonedwa, amabwera kwa ine sabata imeneyo, amasintha payipi, amagula pini yeniyeni, amaitana kalipentala. Akasiya kukonzanso mapepala, amasiyanso zonsezo. Zimayendera limodzi. Mukukumbuka za ku Mlowe ku Rumphi pa Pasaka wa 2017, boti lodzaza mopitirira muyezo ndi anthu ochokera ku mapemphero, linagubuduzika, anthu anamira. Tonse tinalira pa ma gulu a WhatsApp. Patatha mwezi tinayambanso kukweza anthu ndi matumba a chinangwa mpaka madzi kufika m'milomo mwa boti.

Komanso musaiwale madzi osefukira a mtsinje wa Dwangwa kumayambiriro kwa 2024, pomwe midzi ya kwa Kanyenda inamira ndipo msewu wa M5 unaduka. Nthawi imeneyo maboti ndi amene anali galimoto, anali ambulansi. Amayi athu, ana athu, agogo athu anakwera mmenemo. Dzifunseni ngati boti lanu, momwe lilili lero, mungakwezemo mayi anu okubalani usiku madzi akuthamanga.

Nkhani ya nthawi nde musayambe n'komwe. Akuti ku boma n'kutali, ndikapita ndiluza tsiku la ntchito. Makilomita opitirira 50, inde, ndipo thiransipoti yakwera, sindikutsutsa. Koma ife a kauni tili ndi tchuthi chomwe ngakhale aphunzitsi alibe. Mwezi uliwonse, mwezi ukawala, nyali sizigwira ntchito, maboti ali pa mchenga masiku angapo. Juni, Julayi, Ogasiti, mwera ukaomba timakhala pamtunda kusoka maukonde ndi kusewera bawo mpaka matako kuwawa. A makoka, nyanja ikatsekedwa pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, muli ndi miyezi iwiri yathunthu. Masiku onsewa palibe limodzi loti munthu akwere galimoto? Mpira wa Bullets ndi Wanderers ukakhala, ndalama ya thiransipoti imapezeka, nthawi imapezeka.

Vuto lenileni ndi "mawa". Pepala likatha lero, mawa silioneka kusiyana kulikonse. Boti limayenda chimodzimodzi, usipa sufunsa laisensi. Sabata, mwezi, palibe chachitika, nde umayamba kudziona wochenjera kuposa anzako amene analipira. Ili ngati impela. Imatha mwakachetechete, injini ikulira bwinobwino, mpaka tsiku lomwe yazima pakati pa nyanja, mtunda osaoneka.

Tsopano inu a maofesi, musaganize kuti ndakuiwalani, chifukwa ndikudziwa uthengawu ukufikani, ena muli m'magulu mwathu momwemu mwakachetechete. Mbali ina ya vutoli ndi yanu. Pa doko timakuonani kwambiri tsiku lolanda kuposa tsiku lolembetsa. Mafuta obwera kudzagwira anthu amapezeka, nanga obwera ndi buku la malisiti? Bwerani pa doko nthawi yomwe usipa ukufa, anthu ali ndi ndalama m'manja, mukhale pansi pa mtengo ndi tebulo, muuze a BVC sabata imodzi pasadakhale kuti alengeze. Muone ngati anthu sapanga mzere. Mitengo ya laisensi ya chida chilichonse ilembedwe pa chikwangwani pa doko, m'Chichewa ndi m'Chitonga, kuti wina asamatchule mtengo wa m'mutu mwake. Magetsi timagula pa foni, fizi timatumiza pa Airtel Money ndi Mpamba, nde kukumbutsa msodzi ndi ka uthenga kuti pepala lako likutha mwezi wamawa kungavute? Ndipo ine ndinapitako ku ofesi ina, sinditchula, kuperekeza malume anga. Tinafika 9 koloko, akuti wa malisiti watuluka. Tinadikira mpaka 2 koloko, akuti bwerani mawa. Thiransipoti ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, yapita. Munthu wotere mukamugwira mwezi wamawa mumati ndi wophwanya malamulo. Komanso ife tikalipira tikufuna tizikuonani usiku ma trawler akamalowa m'madzi osaya, osati mphamvu zanu zonse zithere pa bwato la nkhalamba.

Koma abale anga, ulesi wa ku ofesi sukhululukira ulesi wathu. Malume anga anabwererako kachiwiri, pepala analitenga, ndipo lero akamalankhula pa msonkhano za ma trawler palibe amawauza kuti khalani pansi. Amene mumati ndalama zake amangodya mabwana, njira yoti asadye ndi imodzi: lipirani, ndipo musachoke opanda lisiti la boma, lija timati GR, lokhala ndi chidindo, dzina lanu, chida chanu ndi deti. Wina akati "ingondipatsani ndikakukonzerani", mukaneni, ngakhale akhale mlamu wanu. Ndalama imene imadyedwa kwambiri ndi ija yoperekedwa kuseri kwa boti, ndipo amene mumaipereka ndinu nomwe.

Ndinenenso ichi kuti wina asanamizire ine: laisensi siyeretsa ukonde woletsedwa. Ngati mukukokera neti ya udzudzu, ija anapereka ku chipatala kuti mwana asadwale malungo, kapena maukonde aja a pulasitiki oonekera, ngakhale mutakhala ndi mapepala khumi adzawotchedwa basi, ndipo ine sindidzakulirirani.

Mawu anga omaliza apite kwa alovi, anzanga a msinkhu wanga, chifukwa inu ndi amene mumagwidwa pamadzi bwana ali m'bulangete. Pogawana ndalama mumawerengera mpaka kakobiri, petulo wachotsedwa zingati, gawo la bwana zingati, lanu zingati. Palibe amakupusitsani pamenepo. Nanga bwanji simufunsa za pepala? Musanakwere, funsani mwaulemu: "Bwana, laisensi ikutha liti?" Si mwano umenewo. Akakwiya, mwadziwa yankho. Siginala, iwe ndi amene umayankha mafunso pamadzi, jambula pepalalo pa foni, ndipo kope yake izikhala m'boti mu jumbo, yomangidwa pansi pa thabwa. A tcheyamani a BVC, lembani m'kope madeti a boti lililonse, muziwakumbutsa pa msonkhano mwezi umodzi lisanathe. Kope la 40 pages ndigula ine ngati vuto ndi limenelo.

Kwanga pansi pa mtengo wa mango, kuyambira lero zinthu zasintha. Wobwera ndi injini abwerenso ndi pepala. Likakhala lamoyo, ngongole ndikupatsani monga kale, mudzalipira mukabwera kunyanja. Likakhala lakufa, ndalama yonse patsogolo, sipanala isanakhudze nati. Ndaphunzira.

Lachisanu likubwerali mwezi ukhala ukuwala, maboti sapita. Ine ndikupita ku boma kukatenga ma impela ndi mapulagi, ndinyamuka pa siteji 6 koloko m'mawa. Amene mapepala anu anatha kapena atsala pang'ono kutha, tiyeni limodzi, tikakhala ambiri savuta kutithandiza. Tengani laisensi yakale ndi chiphaso cha unzika. Madala aja a Yamaha 15 anena kale kuti abwera, ndipo mpando wakutsogolo ndawasungira.

Tumizani ku magulu ena a pa doko. Otukwana, nambala yanga mukuidziwa, koma muyambe mwatumiza chithunzi cha pepala lanu.